ZA NJINGA ZA MOTO: BAUTI YA OILO IKATHA MAZINGA

Mlungu watha tinakambirana za cheni, katsukidwe kake ndi kamangidwe kake. Mlungu uno Akonzi andipatsira kalata yocokera kwa mnzathu wina amene agwira nchito pa mgodi wa golide ca ku Shamva. Iye ali ndi njinga ya moto ya m'chire, ya matayala a mano ija, imene amakwera popita ku shifiti ndi pokaona abale. Akuti tsiku lina lopuma anakhuthula oilo wakale bwino-bwino, koma pobwezera bauti ya pansi pa injini anaimanga, naimanganso, ndipo mwadzidzidzi sipanala inapepuka m'dzanja. Tsopano bautiyo ingozungulira osagwira, ndipo m'mawa uli wonse apeza kadziwe ka oilo pansi pa njinga. Afunsa ngati injini yake yafa, pakuti wina wamuuza kuti agule ina, pamene ndarama za mwezi uno anazilonjeza kale ku fizi ya ana kumudzi.

Yankho langa ndi lakuti injiniyo siinafe ai, ndipo kawiri-kawiri bvuto lotere limatha ndi ndarama zocepa. Koma njingayo isayende kufikira itakonzedwa. Popeza ambiri a inu muli ndi njinga zotere, za Honda, Yamaha, Suzuki ndi zina za ku China, ndayesa kuti nkwabwino kuyankha pano pa bwalo kuti tonse timve. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

CIFUKWA CAKE ISAYENDE

Injini ya galimoto yaing'ono imamwa malita 4 kapena 5 a oilo, koma injini ya njinga ya 125cc kufikira 200cc imamwa pafupi-fupi lita 1 yokha. Palibe wotsala woti nkutaya. Bauti yopanda mazinga imamasuka yokha ndi kugwedezeka kwa injini, maka-maka pa miseu ya miyala ya ku migodi, ndipo ikagwa oilo yense amakhuthuka m'kanthawi kocepa. Bowolo liri kutsogolo kwa tayala la m'mbuyo, cotero oilo wotenthayo amathira pa tayala pomwepo, ndipo pa kona yoyamba munthu amangoona ali pansi. Akapulumuka pamenepo, injini youma imatentha, pisitoni imakakamira, ndipo mutu wa injini umadyeka kosati nkukonzekanso. Pamenepo ndiye mudzaguladi injini ina.

Kucokera ku Shamva kufika ku Harare ndi makilomita pafupi-fupi 90. Wina adzati ndingoyenda pang'ono-pang'ono ndikafika. Ine ndikuti kwezani njingayo pa lole, kapena cotsani injini yokha muiike m'thumba. Ndarama ya lole njocepa poyerekeza ndi injini, kapena ndi mwendo wothyoka ndi miyezi itatu yosalowa m'mgodi.

Njinga zina, monga Yamaha DT, injini yake imadya oilo pamodzi ndi petulo, ndipo bauti ya pansi imasunga oilo wa magiya ndi kilachi. Inunso a njinga zotere musanyozere, pakuti magiya ouma amakukutana, ndipo akagwirana muli pa liwiro tayala la m'mbuyo limaima nji.

MAZINGA AMATHA BWANJI?

Bauti nja citsulo colimba, koma thupi la injini m'mene ilowamo nla aluminiyamu, amene ali wopepuka ndi wofewa. Ziwirizi zikalimbana wogonja ndi aluminiyamu. Ndico cifukwa cake mukaturutsa bauti yotere mumapeza timizere toyera ngati waya titakulunga pa mazinga ake. Timizereto ndiwo mazinga a injini amene azuka.

Coyamba comwe cimawazula ndi mphamvu ya dzanja. Ife a m'migodi tinazolowera mabauti akulu-akulu a njanji ndi a mapaipi, amene timamanga ndi sipanala yaitali ngati mkono. Dzanja lozolowera jekihama likagwira kabauti ka njinga silimva kuti kafika. Caciwiri ndi washala yakale. Washala ya kopa kapena ya aluminiyamu anaipanga kuti iziphwanyika pang'ono pomanga, ndipo kuphwanyikako ndiko kumatseka oilo. Ikagwira nchito kangapo imauma nkuyamba kucuca, mwini wake amaonjeza mphamvu kuti aleketse kucucako, ndipo mazinga ndiwo amalipira. Cacitatu ndi kulowetsa bauti mopotoka, poiyamba ndi sipanala m'malo mwa zala. Cacinai ndi mcenga, pakuti bauti ikagwera pansi nkuibwezera osaitsuka, mcengawo umapala aluminiyamu ngati tupa. Cacisanu ndi kumanga injini ikali yotentha kwambiri. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupi-fupi kawiri kuposa citsulo, cotero bowo limakula pang'ono.

Cacisanu ndi cimodzi ndi bauti yacilendo. M'caka ca 1841 Joseph Whitworth wa ku Mangalande anakhazikitsa muyeso wa mazinga umene ukudziwika ndi dzina lake, ndipo mabauti ambiri a makina akale a m'migodi ya kuno nga muyeso umenewo, wa mainchi. Mano a mazinga a Whitworth ali ndi ngodya ya madigiri 55, pamene a mabauti a mamilimita, amene ali pa njinga za ku Japan ndi za ku China, ali ndi madigiri 60, ndipo kutalikirana kwa mazinga nkosiyananso. Bauti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndipo pa maso imafanana ndi ya mamilimita 12. Imalowa kamodzi kapena kawiri nkuuma, ndipo mukaikakamiza imadula njira yake-yake nkuononga zonse. Bauti yotola pa mgodi isalowe m'njinga.

YAMBANI MWAONA

Musanagule kanthu, tsukani pansi pa injini ndi parafini, mucotse cimbale cochinga miyala ngati ciripo, ndipo muunike ndi tochi m'bowomo. Pali zinthu zinai zofunika kudziwa.

Coyamba, kodi atha ndi mazinga a bauti kapena a injini? Nthawi zina mwai umakhalapo, yadyeka ndi bauti yokha. Ndiponso njinga zina, monga Honda CG125 ndi zina za ku China zotengera pa iyo, zimakhuthulira oilo pa cibvundikiro cacikulu ca aluminiyamu cimene m'kati mwake muli sipuling'i ndi kasefa. Pa zimenezi kawiri-kawiri cimang'aluka ndi cibvundikiroco, ndipo catsopano ncosadula.

Caciwiri, kodi mazinga atha onse? Mabauti ambiri ngafupi ndipo amangogwira mazinga oyambirira. Ngati m'kati mwatsala mazinga abwino anai kapena asanu, bauti yotalikirapo pang'ono ingathe kugwira amenewo.

Cacitatu, kodi pali mng'alu? Njinga ya m'chire imagunda miyala, ndipo mng'alu wake umakhala woonda ngati tsitsi. Nyowetsani malowo ndi parafini, mupukute paume, ndipo muwazepo coko copera kapena ufa woyera. Pakapita kanthawi, ngati pali mng'alu mudzaona kamzere konyowa kakuturuka pa ufapo. Bowo la mng'alu silifuna tapu, pakuti tapu imaukulitsa.

Cacinai, muyeso wa bauti. Ambiri amapita ku sitolo nkunena kuti ndifuna bauti ya 17, cifukwa amaimasula ndi sipanala ya 17. Nambala imeneyo nja mutu wokha. Cofunika ndi kunenepa kwa thupi la bauti ndi kutalikirana kwa mazinga. Mukamva kuti M12 x 1.5, ndiye kuti thupi ndi mamilimita 12 ndipo kucokera pa zinga limodzi kufika pa linzake ndi milimita 1 ndi theka. Palinso M12 x 1.25, M14 x 1.5 ndi M10 x 1.25, ndipo zonsezi zimapezeka pa njinga. Tengani bauti yakale m'thumba kuti akaiyese muli pomwepo. Safunsa anadya phula.

NJIRA ZISANU ZOKONZERA

Njira yoyamba ndiyo kuongola mazinga otsala. Tapu ndi kacitsulo kolimba konga bauti, kokhala ndi ngalande m'mbali, kamene kamadula mazinga m'bowo. Mukapititsa tapu ya muyeso womwewo mofatsa, nkuika bauti yotalikirapo ndi washala yatsopano, nthawi zina bvuto latha. Koma yesani kuya kwa bowo ndi kamtengo, kuti bauti yaitaliyo isakakhudze magiya m'kati.

Njira yaciwiri ndiyo kukulitsa bowo. Pali timabokosi togulitsa momwe muli tapu ya M13 x 1.5 pamodzi ndi mabauti ake, tokonzera bowo la M12 x 1.5, ndiponso ya M15 x 1.5 yokonzera la M14 x 1.5. Izi sizifuna kuboola, pakuti tapu imatsata njira ya mazinga akale. Ena amalumpha kufika pa M14 x 1.5, ndipo apo pafunika kuyamba mwaboola ndi coboolera ca mamilimita 12.5. Lamulo lake nlosabvuta: pa kunenepa kwa bauti cotsanipo kutalikirana kwa mazinga, 14 kucotsapo 1.5 kutsala 12.5. Njira imeneyi njochipa, koma mazinga atsopanowo ali m'aluminiyamu yemwe uja, ndipo khoma la bowo lacepa. Onetsetsani kuti patsala mnofu wokwanira kuzungulira bowo, ndi malo osalala pokhala washala yokulirapo.

Njira yacitatu ndiyo waya wopota amene amamucha Heli-Coil. Ndi waya wa citsulo cosacita dzimbiri wopotedwa ngati sipuling'i, ndipo anamutulukira ku America ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 cifukwa ca bvuto longa lathu lomweli pa injini za ndege za aluminiyamu. Mumaboola pang'ono, mumadula mazinga ndi tapu yake-yake ya m'bokosimo, ndipo mumalowetsa wayayo. Kunja kwake amagwira aluminiyamu, m'kati mwake amalandira bauti ya muyeso wakale. Akalowa bwino amalimba kuposa mazinga a ku fakitale. Cobvuta cake ncakuti bauti ya oilo imamasulidwa kawiri-kawiri, ndipo waya wolowa molakwika angathe kuturukira limodzi ndi bauti tsiku lina.

Njira yacinai, imene ine ndimaikonda pa bowo la oilo, ndiyo kacitsulo kathunthu konga kapaipi, kokhala ndi mazinga kunja ndi m'kati momwe. Kogula kodziwika ndi Time-Sert, kamene kali ndi kamlomo pamwamba kuti kasapitirire m'kati, ndipo polowetsa kamatutuma kumunsi nkudzikhoma kokha. Bokosi lake nlodula, silogula munthu wa njinga imodzi, koma m'magaraja ena alinalo. Munthu wodziwa makina a lathe angathenso kukusemerani kotere: atenga bauti ya M16 x 1.5, aiboola pakati, adulamo mazinga a M12 x 1.5, ndipo pa injini aboola mamilimita 14.5 nkudula M16 x 1.5. Kacitsuloko amakamata ndi mankhwala ofiira omangira mazinga, onga Loctite, kuti kasadzaturukenso. Apanso khoma liyenera kukhala lonenepa.

Njira yacisanu ndiyo kuocherera, ndipo njofunika pokha-pokha ngati pali mng'alu kapena papamphuka. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupi-fupi 660, pamene citsulo cifuna opitirira 1,400, ndipo aluminiyamu safiira asanasungunuke, amangogwa mwadzidzidzi. Cotero woocherera mageti ndi mawindo asayese. Pafunika wa makina a mpweya wa argon, ndipo injini iyenera kuphwasulidwa ndi kutsukidwa bwino, pakuti oilo wolowerera m'aluminiyamu amaononga cooceracho ndipo moto umapsereza malabala otseka oilo. Akaocherera amaboola bowo latsopano nkusalaza pokhala washala. Imeneyi ndiyo njira yodula koposa, komabe siifika pa mtengo wa injini.

KAGWIRIDWE KAKE KA NCHITO

Kwa inu amene mufuna kucita nokha njira yaciwiri, yacitatu kapena yacinai, tsatani izi mwa dongosolo lake.

1. Imikani njinga pa cinthu colimba cokwera, ndipo muimange ndi zingwe mbali zonse ziwiri. Pansi pa mgodi simulowa pa denga losagogoda, cotero musagonenso pansi pa njinga yongotsamira pa njerwa. Nkwabwino kuti bowo liyang'ane pansi, kuti zinyenyeswa zizigwera kunja.

2. Khuthulani oilo yense, mudikire aleke kudontha, ndipo injini izizire.

3. Yesani kuya kwa khoma la bowo, ndipo mukulunge tepi pa coboolera ndi pa tapu pa malire amenewo. Kuseri kwa bowo kuli magiya, ndipo pa njinga zina kuli kasefa ka oilo.

4. Poboola musagwiritse nchito makina a magetsi. Aluminiyamu amakoka coboolera, ndipo m'kuphethira kwa diso calowa mopotoka. Cimangeni pa cogwirira ca tapu, muzungulize ndi manja. Cimene mucotsa ncocepa, theka la milimita cabe pa M14.

5. Dzazani girizi m'ngalande za coboolera ndi za tapu, kuti zinyenyeswa zizimatirira pamenepo. Maginito sakoka aluminiyamu, cotero girizi ndiye msampha wanu.

6. Tapu ilowe cilili. Pano ndi pamene nchito yonse imapindulira kapena kuonongekera, pakuti mazinga akapendekeka ngakhale pang'ono, mutu wa bauti sukhala mofanana pa washala, ndipo oilo adzacuca masiku onse. Itanani mnzanu aziyang'ana ca kumbali inu mukuyang'ana ca kutsogolo. Ena amaboola thabwa lolimba mowongoka nkulitsamiza pa injini kuti litsogolere tapu.

7. Zunguzani kamodzi kutsogolo, mubwerere theka, kuti cinyenyeswa cithyoke. Mukazunguza katatu turutsani tapu, muipukute, muike girizi wina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

8. Ngati muika waya wopota, sankhani wautali wolingana ndi khoma. Ukapitirira m'kati umachinga oilo wakuda wa pansi kuti asamaturuke. Injini zina ziri ndi kampata m'mbali mwa bowo kopitira oilo wotsiriza, ndipo pa zotere kacitsulo kathunthu nkabwino koposa waya. Wayayo alowe kufikira atabisika theka la zinga kunsi kwa pokhala washala.

9. Ku mapeto a waya kuli kamcira kopingasa kamene cida colowetsera cimagwira. Pa nchito zina amangokamenya kuti kathyoke, koma pano kakagwera m'magiya. Kagwireni ndi pulayala ya mlomo wautali, mukagwedeze kufikira kathyoke, ndipo mukaturutse mukaone ndi maso anu m'dzanja.

10. Tsukani m'kati. Bowo liri lotseguka, thirani parafini kapena oilo wochipa pothirira oilo pamwamba, ndipo mumusefe pa nsalu yoyera pamene aturuka. Bwerezani kufikira pa nsalupo pasaonekenso tonyezimira. Injini musailize muli parafini.

11. Ikani bauti ndi washala yatsopano, thirani oilo, lizani injini mphindi zisanu, ndipo mukhuthulenso nkutsuka kasefa. Oilo wa lita imodziyo musamumvere cisoni. Mukathira watsopano yalani pepala pansi pa njinga usiku wonse, ndipo m'mawa pepalalo lidzakuuzani zoona.

KU GRANITESIDE

Amene mulibe zida, kapena muona kuti dzanja lanu silidekha, pitani nayo ku Graniteside. Malowa ali kum'mwera kwa tauni ya Harare, kutsidya kwa njanji, moyandikana ndi Mbare, ndipo mseu waukulu wa Seke Road wopita ku Chitungwiza umadzera komweko. M'miseu ya Kelvin Road ndi Cripps Road ndi ina yozungulira muli mafakitale, masitolo a mabauti ndi zida, ndi malo osemera zitsulo. Wotsikira basi pa Mbare Musika sali patali. Pa Cripps Road pomwepo, ca ku Magaba, pali msika wa Siyaso, kumene amisiri amasula ndi kugulitsa zitsulo za mitundu-mitundu, zatsopano ndi zakale zomwe. Ku Mbare kumeneku ndiko kunafikira makolo athu ambiri ocokera ku Nyasaland mzindawu ukali kuchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa mu 1982, ndipo kufikira lero mukalankhula Cicewa pa msika simulephera kupeza wokuyankhani. Iwo aja ankasunga ndarama zaka kuti akafike kumudzi ndi njinga yopalasa ya Raleigh kapena ya Humber, ndipo ankaisamala ngati mwana. Zidzukulu tiri ndi za moto, koma thukuta logulira ndi lomwe lija.

Mukafika kwa mmisiri, funsani mafunso atatu asanagwire sipanala. Kodi akonza ndi njira iti? Kodi ali ndi tapu ya muyeso wa bauti yanu, ndipo angakuonetseni? Kodi zinyenyeswa azicotsa bwanji? Mmisiri weni-weni amayankha mosabvuta, ndipo ena amakondwa kuti mwafunsa. Mukaona wina akuseka mafunso anu nkutola coboolera ca magetsi, nyamulani katundu wanu mupite kwina. Panganani mtengo nchito isanayambe, munenetse ngati ndi madola a ku America kapena ZiG, ndarama ya kuno imene inayamba mu April 2024, ndipo mupemphe lisiti lolembapo muyeso wa bauti yatsopano. Kapepala kameneko kadzakuthandizani tsiku logula washala.

Caka catha mnansi wanga wina anabwera kwa ine ndi njinga imene inakonzedwa ndi munthu wa m'mbali mwa mseu. Titaiona tinapeza kuti anakhomeramo bauti ya mainchi ndi nyundo, namata phala kuzungulira mutu wake. Siinacuce milungu iwiri, koma pofika tsiku losintha oilo bauti inaturuka ndi cibenthu ca injini, ndipo nchito ya tapu imodzi inasanduka ya kuphwasula ndi kuocherera. Mwini njingayo analipira kawiri, nayendanso pansi mwezi wathunthu.

MUKAKHALA KUTALI NDI TAUNI

Tsoka likakugwerani pakati pa chire, pali zocita zongokufikitsani pa mseu. Ngati bauti ikugwirako pang'ono, ikulungeni tepi yoyera ya amapaipi, muimange mofatsa, ndipo muikulunge waya nkumangirira ku citsulo ca njinga kuti ngakhale imasuke isagwe. Phala la Pratley, la ku Krugersdorp lija ambiri mulidziwa, lingathandize kumata kunja kwa mutu wa bauti ngati mwatsukapo ndi petulo nkuuma, koma musalilowetse m'bowo. Yendani pang'ono-pang'ono, muziima kawiri-kawiri kuona oilo, ndipo musanyamule munthu. Izi nza tsiku limodzi. Cakudza siciimba ng'oma, ndipo amene ayenda mwezi ndi bauti ya waya akudziitanira ngozi.

KUTI ZISACITIKENSO

Buku la njinga iri yonse limachula mphamvu yomangira bauti ya oilo. Pa mabauti a M12 mabuku ambiri amanena pakati pa 20 ndi 30 Nm, koma tsatani la njinga yanu. Kuti mumvetse nambala zimenezi, tengani sipanala yotalika masentimita 25, ndipo ku mapeto kwake mupacike thumba la ufa la makilogaramu 10. Kulemera kumeneko ndiko pafupi-fupi 25 Nm. Taonani kucepa kwake! Mwana wa sukulu amanyamula thumba lotere. Tsono mukaonjeza paipi ya mita imodzi pa sipanala, mphamvu yomweyo imacuruka kanai, ndipo palibe aluminiyamu amene angapirire. Pali sipanala yoyesa mphamvu imene amakanika amaicha torque wrench. Anthu asanu a njinga pa komboni imodzi atasonkherana angathe kugula imodzi nkumabwerekana, pamodzi ndi bokosi la matapu. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati mulibe, gwirani sipanala yaifupi pafupi ndi mutu wake. Yambani ndi zala, ndipo bauti ilowe yonse ndi zala zokha kufikira ikhudze washala. Ikauma isanafike, bwererani muone cimene calakwika. Ikakhudza, onjezani ndi sipanala pang'ono cabe, mudzamva washala ikuphwanyika kenaka nkulimba, ndipo pamenepo lekani. Gulani mawashala khumi nthawi imodzi muzisunga m'kacitini, ndipo muziika yatsopano nthawi iri yonse. Khuthulani oilo injini iri yofunda kuti aturuke ndi litsiro lake, koma podzamanga dikirani izizire. Tsukani bauti ndi pa bowo musanabwezere. Kumbukiraninso kuti munthu akagona pansi pa njinga mutu uli cagada amasokoneza kumanja ndi kumanzere, ndipo mabauti ambiri aonongeka ndi munthu amene amayesa kuti akumasula pamene akumanga. Imani kaye muganize musanakoke.

Potsiriza, za oilo wakale ndi parafini wotsukira. Musataye m'ngalande. Madzi a m'ngalande za ku Graniteside ndi ku Mbare amathira mu mtsinje wa Mukuvisi, Mukuvisi amathira mu Manyame, ndipo Manyame amadzaza nyanja ya Chivero, imene damu lake linamangidwa mu 1952, ndipo ndiko kucokera madzi ambiri akumwa a mu Harare. Ku migodi nakonso zitsime ziri pafupi ndi nyumba. Sungani oilo wakuda m'cigubu cotseka bwino, kutali ndi ana ndi moto, mukapereke ku garaja kumene amasonkhanitsa. Mukatha nchito sambani m'manja ndi sopo, pakuti oilo wakale saali bwino pa khungu.

Mlungu wa mawa tidzakamba za sefa ya mpweya, pakuti pfumbi la pa mitumbira ya mgodi likupha injini zambiri mwakacetecete. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Akonzi, ndipo muchule mtundu wa njinga, kukula kwa injini ndi caka cake, kuti yankho likhale lolunjika. Tsalani bwino abale anga, mugwire nchito mosamala, ndipo pa njinga musaiwale cipewa.